Loko, Foni, Alonda Kapena Anzanu: Wophunzira Wogonera Kukoleji Adalire Chiti Ngozi Ikagwa?

Wophunzira akangopatsidwa chipinda kuhositelo, kaya ndi ku Chirunga ku Zomba, ku Bunda, ku Luwinga kapena ku Ndata, chinthu choyamba chimene amathamangira kukagula ndi loko. Sitingamunene. Laputopu imene makolo anaipeza atagulitsa matumba a chimanga ikabedwa, semesita yonse yalowa m'madzi. Vuto ndi loti mantha athu onse tinawaunjika pa wakuba, n'kuiwala moto, matenda ofulumira ngati kolera, mvula yoononga, komanso munthu wodziwana naye kale amene angatichite chipongwe. Ndipo zina mwa zimene timachita potchinga wakuba ndi zomwezo zimene zingatiphetse moto ukabuka.

Ndalama ya wophunzira ndi yoperewera, kaya ndi ya ngongole ya boma kapena yochokera kwa makolo, choncho sangagule chilichonse chimene anthu amati n'chofunika. Ayenera kusankha. Ine ndikaika njira zonse pa sikelo, ndimapeza kuti zimene zimapulumutsa moyo kwambiri ndi ziwiri zosalira khobidi: kudziwa potulukira, ndi kupangana bwino ndi anthu awiri kapena atatu. Foni, imene tonse timaiyesa mpulumutsi, ndiyo imayamba kutitaya zinthu zikathina.

Kutseka chitseko

Ophunzira amatseka chipinda m'njira zitatu. Pali loko wa m'chitseko momwemo, pali kachitsulo kokoka ka m'kati, ndiye pali loko wopachika kunja. Mukakhala m'kati usiku, kachitsulo kokoka kamaposa onsewo, chifukwa mumdima ndi mu utsi dzanja limakapeza lokha, ndipo sikafuna kiyi. Loko wa m'chitseko ali bwino pokhapokha kiyi akamagona pamalo amodzi masiku onse, pabowo pomwepo kapena pa msomali pafupi ndi chitseko. Kiyi amene ali m'thumba la buluku, buluku lili pansi pa mulu wa zovala, sangakuthandizeni nthawi ya 2 koloko usiku mukutsokomola.

Loko wopachika kunja ndi wa nthawi imene nonse mwachoka basi. Pali chizolowezi chimene chimaoneka chaulemu: mesho, mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, akamapita kukawerenga usiku kapena kokacheza, amakhoma loko kunja mnzake ali m'tulo, n'cholinga choti asadzamudzutse pobwera. Ichi musalole ngakhale usiku umodzi. Mazenera ambiri a zipinda zapansi ali ndi zitsulo zowotcherera zotchinga akuba, ndiye munthu wokhomeredwa kunja alibe potulukira pena paliponse. Dulitsani kiyi wachiwiri, mtengo wake ndi wochepa.

Zimene zitseko zokhoma ndi mazenera a zitsulo zimachita zinaoneka kale kwa anzathu. Mu March 2001, pa sukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Kenya, ophunzira 67 anafa moto utabuka pamalo awo ogona. Chitseko china chinali chokhoma ndipo mazenera anali ndi zitsulo. Mu May 2023, ku Mahdia m'dziko la Guyana, ana 20 anafa mofananamo m'nyumba yogona yokhoma, ya mazenera otchinga. Kwathu kuno, pa 18 December 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University ndi mabuku pafupifupi 45,000. Imeneyo inali nyumba ya mabuku. Koma inaonetsa kuti nyumba yaikulu ya pa yunivesite ikhoza kupsa yonse usiku umodzi.

Pamoto wa m'nyumba, ambiri amafa ndi utsi malawi asanawafike. Utsi umadzaza kuyambira kudenga kutsika, ndipo m'kolido mumada bii, moti chitseko chimene mumadutsapo tsiku ndi tsiku simungachione. N'chifukwa chake sabata yoyamba muyende njira ziwiri zotulukira panja kuchokera pachipinda chanu, mukuwerenga zitseko zimene mukudutsa. Tsiku la ngozi mudzakwawa, dzanja lili kukhoma, mukuwerenga zitseko zomwezo. Musanatsegule chitseko chilichonse, chikhudzeni ndi kuseri kwa dzanja. Ngati chikuotcha, moto uli kuseri kwake, pitani njira ina. Mukapeza kuti khomo lachiwiri la hositelo ndi lomanga ndi tcheni, kapena aunjikapo mabedi othyoka ndi zidebe, kauzeni woyang'anira hositelo ndi a bungwe la ophunzira, ndipo mufunse mosazungulira kuti kiyi wa khomo lalikulu amagona ndi ndani usiku. Amene munasowa malo pasukulu n'kumakhala ku Chikanda ku Zomba kapena m'madera ena ozungulira masukulu, funso lomweli afunseni alandilodi musanapereke ndalama ya lendi.

Magetsi akazima, ndi pophika

Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuwerengera mumdima kunakhala moyo wa tsiku ndi tsiku. Kuzima kwa magetsi sikunathe, choncho chounikira ndi chinthu choyenera kuchisankha modekha.

Kandulo ndi wotsika mtengo pogula, n'chifukwa chake amapezeka m'zipinda zambiri nthawi ya mayeso. Taganizani pamene amaikidwa: pa desiki yodzaza mapepala, pafupi ndi katani, neti ya udzudzu ikulendewera chapafupi, ndipo woyatsayo ndi munthu wotopa amene akulimbana ndi tulo. Matiresi a siponji akagwira moto amayaka msanga ndipo utsi wake wakuda ndi wapoizoni. Kandulo ndimamuika pamapeto penipeni. Tochi ya pafoni imaunikira bwino, koma imadya batire imene mudzaifune poimba foni. Tochi ya mabatire ndi yodalirika ngati muli ndi mabatire apadera ndipo imagona pamalo amodzi, pamutu pa bedi. Yoposa zonse ndi nyali ya sola, makamaka ija yotha kutchaja foni. Imadula pogula, koma mukasonkherana ndi mesho mudzaigwiritsa ntchito zaka zonse za maphunziro anu, bola muzikumbukira kuiika pazenera masana.

Pa zophikira, chilichonse chili ndi msampha wake. Wa hotipuleti ndi uwu: mwateleka nyemba, magetsi azima, mwaiwala kuzimitsa pa swichi n'kupita kukalasi kapena kukagona. Magetsi akabwera, mphika umauma n'kuyamba kupsa chipinda chili chokhoma. Lamulo la m'chipinda likhale loti magetsi akangozima, hotipuleti, ayironi ndi ketulo zizulidwe kusoketi nthawi yomweyo. Msampha wina ndi ekisitenshoni imodzi yosenza hotipuleti, ketulo ndi malaputopu awiri, kapena mawaya opanda pulagi olowetsedwa m'soketi n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Mukagwira waya n'kumva kutentha, kapena soketi ikada n'kumanunkha pulasitiki, lekani kuigwiritsa ntchito.

Mbaula ndiyo imapha mwakachetechete. Mu June ndi July, kukazizira ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, munthu amakopeka kulowetsa makala otsala m'chipinda n'kutseka mazenera. Makala amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndipo sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi kufooka, kenako munthu amagona osadzukanso. Mbaula ikhale panja, ngakhale makala akuoneka ngati azima. Mukapeza mnzanu wafooka m'chipinda mmene muli mbaula, mutulutsireni kumphepo n'kuthamangira naye kuchipatala. Gasi amaphika mwachangu ndipo sadalira ESCOM, koma silinda si yoti muzigona nayo m'chipinda. Mukamva fungo lake, tsekani silinda, tsegulani mazenera, ndipo musayatse machesi kapena kukhudza swichi. Kumene sukulu inamanga khitchini ya onse, phikirani komweko ngakhale kuli mzere.

Moto ukayamba, madzi sazimitsa moto uliwonse. Pa moto wa magetsi, madzi angakugwiritseni shoko. Yambani mwazimitsa magetsi. Pa mafuta oyaka m'poto, madzi amamwaza motowo. Vindikirani ndi chivindikiro n'kuzimitsa chophikiracho. Mchenga umathandiza pa moto waung'ono wapansi. Botolo lofiira lozimitsira moto limene lili m'kolido muliyang'ane lero: kamuvi ka pa geji yake kakhale pa mtundu wobiriwira. Poligwiritsa ntchito mumasolola kapini, n'kulozetsa patsinde pa moto, n'kufinya chogwirira uku mukuyendetsa uku ndi uku. Limatha m'masekondi ochepa. Moto ukafika pa katani kapena matiresi, nthawi yozimitsa yatha. Tulukani, tsekani chitseko kuti moto usafalikire msanga, gogodani zitseko za anzanu mukufuula, ndipo musabwererenso kukatenga laputopu. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, mazira ndi mafuta ophikira zimangoonjezera vuto.

Alonda, foni, kapena anzanu

Alonda ali ndi zimene wina aliyense alibe: ali maso usiku, amadziwa ngodya zonse za sukulu, amasunga makiyi, ndipo amadziwa woyendetsa galimoto ya sukulu kumene ali. Kufooka kwawo n'koti ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa malo, ambiri amakhala pageti ndi pa nyumba za katundu wodula, ndipo kuchokera pageti kufika kuhositelo yakutali kumatenga nthawi. Muziwapatsa moni ndi kuwadziwa mayina. Mlonda amene amakudziwani nkhope amazindikira msanga kuti munthu amene akukutsatirani si wapasukulupo. Tengani nambala ya ofesi yawo, ya kukiliniki ya sukulu, ndi ya woyang'anira hositelo.

Foni imafika kutali kuposa mawu anu. Nambala za ngozi m'Malawi ndi 997 ya apolisi, 998 ya ambulansi ndi 999 ya ozimitsa moto, ndipo ndi bwino kuonjezerapo nambala ya polisi imene ili pafupi ndi sukulu yanu. Koma taonani pamene foni imalepherera. Wachifwamba amayamba kulanda foniyo. Magetsi akazima tsiku lonse, batire imatha. Mvula ikaononga mapolo, netiweki imasowa. Kutumiza malo amene muli pa WhatsApp kumafuna bandulo kwa inu ndi kwa wolandirayo. Ndipo ngakhale foni ilowe, thandizo liyenera kuyenda ulendo. Magalimoto ozimitsa moto ali m'manja mwa makhonsolo a mizinda. Wophunzira wa ku MUBAS kapena ku KUHeS ku Blantyre ali pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, wa ku Mzuni ali pafupi ndi Mzuzu Central, pamene wa ku Bunda ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, ndipo wa ku MUST ali kumudzi ku Thyolo. Kwa awiri omalizawa, mphindi zoyamba za ngozi zili m'manja mwa amene ali pomwepo.

Kuti foni ikutumikireni bwino, lowezani pamtima nambala ziwiri, ya kholo ndi ya mnzanu wapasukulu, ndipo zina muzilembe pa kapepala m'chikwama. Imbani *#06# n'kulemba nambala yozindikiritsa foni yanu (IMEI) imene ituluke, apolisi adzaifuna foni ikabedwa. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba isakhale chaka chanu chobadwa.

Anzanu ndimawaika patsogolo pa zonsezi, koma ndikunena anthu amene mwapangana nawo zinthu zomveka, awiri kapena atatu. Gulu la pa WhatsApp la anthu 200 silingalowe m'malo mwawo, chifukwa pagulu lotero aliyense amaganiza kuti wina wathandiza kale. Zoti mupangane ndi izi. Aliyense akhale ndi nambala ya makolo a mnzake. Ngati muli ndi mphumu, khunyu kapena matenda a shuga, auzeni, ndipo adziwe pamene mumasunga mankhwala. Manyazi pa nkhani imeneyi aphetsa anthu. Mnzanu akagwa khunyu, chotsani zinthu zoti zingamuvulaze, musamuike chilichonse m'kamwa, akasiya kuphupha mugonekeni chammbali, ndipo zikapitirira mphindi 5 pitani naye kuchipatala. Woledzera kwambiri nayenso agonekedwe chammbali kuti asatsamwidwe ndi masanzi, ndipo asasiyidwe yekha. Ngati sakudzuka mukamugwedeza, kapena akupuma mwapatalipatali, ameneyo ndi wa kuchipatala, ngakhale mukuopa kuti akuluakulu a sukulu adziwa kuti munali ku mowa.

Palinso ntchito ina imene anzanu okha ndi amene angaigwire. Malo ogona ndi ochepa m'mayunivesite athu, ndiye kuberekana kulipo: chipinda cholembedwa anthu awiri chimagona anayi. Hositelo ikapsa, kaundula wa ku ofesi sangauze aliyense kuti m'kati mwatsala angati. Amene akudziwa kuti m'chipinda chachisanu munagona mlendo ndi oyandikana nawo. Gwirizanani pamalo amodzi panja, monga pansi pa mtengo wakutiwakuti, pamene a kolido yanu mudzakumane n'kuwerengana. Ndipo pangozi musamafuule kuti "wina aitane alonda". Lozani munthu, mutchule dzina: "Iwe uje, thamangira kugeti."

Kufooka kwa anzanu n'koti nawonso amaledzera, amachita mantha, amakhala ndi zibwenzi zowasokoneza. Pa usiku wa zisangalalo, mmodzi akhale wosamwa, ndipo pangano likhale loti amene mwapitira limodzi mubwerere limodzi. Mnzanu akanena kuti atsala ndi munthu wina, mumve kuchokera pakamwa pake ali bwinobwino, ndipo mudziwe dzina la munthuyo ndi kumene akupita.

Kuyenda usiku, ndi zonyamula m'thumba

Kuchoka kulaibulale kapena ku tauni usiku, kuyenda wapansi muli nokha ndi njira yoipitsitsa, makamaka mukadzera tinjira tachidule ta m'minda ndi m'tchire, mahedifoni ali m'makutu, foni ikuwala m'manja. Kuyenda atatu kapena anayi mumsewu waukulu wowala sikulira ndalama ndipo kumachepetsa ngozi kwambiri. Kabaza wa njinga yamoto amafupikitsa nthawi imene muli panjira, koma amabweretsa ngozi ina ya pamsewu, makamaka usiku, popanda chipewa choteteza mutu, woyendetsa atalawako. Kabaza wabwino ndi amene mumamudziwa, wa pa siteji yodziwika, amene nambala yake muli nayo ndipo mesho wanu akumudziwanso. Woima yekha pamdima amene simunamuonepo, mulekeni. Takisi ndi yodula, koma mukagawana anayi imatheka, ndipo ndalama yake ndi imodzi mwa zimene muyenera kubisa padera. Nthawi zina chanzeru n'kugona kumene muliko, kwa mnzanu wodalirika, mutadziwitsa mesho.

Ena amanyamula mpeni. Sindikulimbikitsa. Achifwamba kawirikawiri amayenda awiri kapena atatu ndi zikwanje, ndipo mpeni umasandutsa kuberedwa foni kukhala ndewu ya imfa. Ukhozanso kulandidwa n'kukubayani nokha, kapena kutuluka pa mkangano wa ku mowa n'kukuikani m'ndende. Tsabola wopopera m'maso amafuna kuti akhale m'manja kale, woukirayo akhale pafupi, ndipo mphepo isakubwezereni. Wenzulo ndi wotsika mtengo, safuna batire, anthu a m'madera mwathu amadziwa kuti akalira usiku kwagwa zina, ndipo amathandizanso mutatsekeredwa m'chipinda kapena pansi pa khoma logwa. Mumangirireni pa makiyi. Wina akakuopsezani ndi chikwanje kuti mupereke foni, perekani. Ntchito za kalasi muzisunga pa imelo kapena pa Google Drive kuti mtima wolimbana pofuna kupulumutsa laputopu usakubwerereni. Ndiponso wakuba akagwidwa pasukulu, aperekedwe kwa alonda ndi apolisi. Gulu likayamba kumenya siliona malire, nthawi zina limamenya wosalakwa, ndipo wophunzira amene anaponya nawo mwala amadzayankha mlandu wakupha.

Mvula, chivomerezi ndi madzi akumwa

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo m'chigawo chakummwera. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, anthu opitirira 600 anafa m'dziko muno, ndipo mazana ena sanapezeke. Akuluakulu a ku Zomba amasimba za napolo wa 1946, a ku Phalombe za wa 1991. Wophunzira akamva chenjezo lotere amakhala ndi njira ziwiri, kukhala pasukulu kapena kuthamangira kwawo. Mtima umafuna kwawo, makolo nawo akuimba foni. Koma mvula ikayamba kale, ngozi yaikulu ili pamsewu, pa milatho ndi pa mitsinje yosefukira. Nyumba zambiri za pa yunivesite ndi zolimba kuposa za kumene tikuthamangirako. Khalani, pokhapokha akuluakulu atalamula kusamuka, kapena nyumba yanu ili m'mbali mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri. Zikatero samukani kukadali kowala. Madzi othamanga, ngakhale osafika m'mawondo, amagwetsa munthu wamkulu. Machenjezo a nthambi yoona zanyengo ndi a DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amaulutsidwa pa wailesi, ndipo kafoni ka mabatani kokhala ndi FM kamagwira wailesi ngakhale netiweki palibe, batire yake n'kukhala masiku.

Dziko lathu lili m'chigwa chimene zivomerezi zimachitika, monga zinachitikira ku Karonga mu December 2009. Nthaka ikagwedezeka muli m'nyumba yosanja, bisalani pansi pa desiki mutaphimba mutu, ndipo mutuluke kugwedezekako kukatha. Kuthamangira pa masitepe anthu ambiri nthawi imodzi kumavulaza.

Mvula yotere ikadutsa, mipope imauma ndipo zimbudzi zimasefukira. Kolera amene anayamba mu March 2022 anapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi, ndipo mu January 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za pulayimale ndi sekondale ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Hositelo, mmene anthu mazana amagwiritsa ntchito zimbudzi zochepa, ndi malo amene matendawa angafale msanga. Madzi a m'botolo ogula ndi abwino koma thumba la wophunzira silingapirire sabata yonse. Kuwiritsa kumapha tizilombo ngati madzi abwatadi kwa mphindi yathunthu, koma kumafuna magetsi kapena makala pa nthawi imene zonsezo zikusowa. Kolorini, monga WaterGuard, ndi amene amagwirizana ndi moyo wa m'hositelo: kabotolo kamodzi kamakhalitsa, mumathira muyezo wolembedwa pabotolopo n'kudikira mphindi 30. Madzi akakhala amatope, asefeni kaye ndi nsalu yoyera. Sungani chigubu cha madzi chovindikira nthawi zonse, chifukwa tsiku louma mipope silichenjeza.

Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo ali panjira yopita kuchipatala. Kolera amatha kupha m'maola ochepa. Thanzi akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Kutentha thupi nako musamakuphimbe ndi panado masiku atatu chifukwa cha mayeso; kayezetseni malungo. Pofuna uphungu wa zaumoyo, mukhoza kuimba foni ku Chipatala Cha Pa Foni.

Za kachikwama kokonzeratu sindichulutsa. Mukhale tochi, pawabanki, mapaketi angapo a Thanzi, mankhwala amene mumamwa masiku onse, buku la kuchipatala, mafotokope a chiphaso cha unzika ndi cha sukulu atakulungidwa m'pulasitiki, ndi ndalama ya pamanja yokwana ulendo wopita kuchipatala. Ndalama ya pafoni sibedwa msanga, koma netiweki ikasowa kapena wothandizira akatseka kabenchi kake, simungaigwiritse ntchito. Gawani pawiri, ndipo ya pamanjayo isakhale yobwereka pogula chipisi.

Mukachitidwa nkhanza: khomo loyamba

Nkhani iyi timaizemba, koma imachitika m'masukulu athu, ndipo kawirikawiri wochita chipongwe ndi munthu wodziwika: chibwenzi, mnzake wa m'kalasi, wa chaka chapamwamba, nthawi zina wamkulu amene ali ndi mphamvu pa magiredi. Loko ndi wenzulo sizimutchinga munthu wotere. Wogwiriridwa, mtsikana kapena mnyamata, alibe mlandu, kaya anavala chiyani, kaya anamwa, kaya analowa yekha m'chipindamo.

Makomo ali atatu: chipatala, polisi, ndi ofesi ya sukulu. Onse ndi ofunika, koma choyamba chikhale chipatala, chifukwa ndi kokhako kumene nthawi ikuwerengedwa. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oteteza kutenga mimba mwadzidzidzi amagwira pasanathe masiku 5, ndipo amagwira bwino akamwedwa msanga. Musataye maola amenewa poyembekezera kuti ofesi itsegule Lolemba. Ku Queen Elizabeth ndi m'zipatala zina zikuluzikulu kuli malo a Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi aphungu amapezeka pamodzi, kuti munthu asamafotokoze nkhani yowawa maofesi anayi osiyana. Ngati n'kotheka pitani musanasambe, ndipo zovala zimene munavala muziike m'pepala, chifukwa m'jumbo umboni umaonongeka ndi chinyezi. Ngati mwasamba kale, pitanibe, mankhwala akugwirabe ntchito.

Kupolisi funsani ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza ya Victim Support Unit. Nambala yaulere ya 5600 imalandira nkhani za nkhanza zotere. Ofesi ya sukulu ndi imene ingakusinthireni chipinda, kukuchotsani m'kalasi ya munthu amene akukuvutitsani, kapena kumuimba mlandu wa pasukulu, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pofuna kugonana naye. Koma ofesi ya sukulu si khoti, ndipo wina akakuuzani kuti "tingokambirana pachibale kuti mbiri ya sukulu isaipe", dziwani kuti ufulu wopita kupolisi ukadali wanu. Mameseji ndi mawu ojambulidwa amene wovutitsayo anatumiza musafufute. Atumizeni ku imelo yanu.

Mnzanu akakuuzani kuti zamuchitikira, mukhulupirireni, musamufunse kuti anapitirako chiyani, ndipo musaiike nkhaniyo pagulu. Mufunseni kuti zachitika nthawi yanji, werengani maola amene atsala pa 72 aja, tengani ndalama ya takisi ija munabisa, mupite naye.